Kariba Ataphwa: Mbiri ya Malaiti Athu ndi Funso la Mphepo

Mu Seputembala 2024, kuno ku Lilayi tinkawerenga maola a malaiti monga mmene munthu amawerengera ndalama zotsala mwezi ukafika pa 25. Tsiku lina ankabwera maola atatu, kawirikawiri pakati pa usiku, tsiku lina osabwera n'komwe. Azimayi ankadzuka 2 koloko usiku kusita mayunifomu a ana ndi kutunga madzi mpope usanaume. Ometa tsitsi, owotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Kafue ndi atsikana a m'masaluni ankangokhala pakhomo la shopu, makasitomala akubwerera. Thumba la malasha linakwera mtengo. Ana a m'kalasi mwanga, amene mayeso awo a Giredi 12 anali pafupi, ankawerenga ndi tochi ya foni mpaka batire litatha.

Mphepo yokha ndiyo sinasowe. Aliyense wokulira mu Lusaka amaidziwa mphepo ya Julayi, Ogasiti ndi Seputembala. Imachokera chakum'mawa, imadzutsa fumbi, imagwetsa zovala pachingwe, imakoleka mapepala apulasitiki pa waya wa mpanda. Mmawa wina ndikufufuta bolodi, zenera likumenyeka, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja.

"Ba Ticha, Zambezi anaigwira ndi khoma n'kupanga malaiti. Nanga mphepo iyi palibe amene angaigwire? Ingopita chabe?"

Anzake anaseka. Ndinamuyankha kuti mayiko ena amaigwiradi, kenako belu linalira. Popita kunyumba ndinaona kuti ndamupatsa yankho loperewera. Kuti timvetse chifukwa chake mphepo yathu ikungopita chabe, tiyenera kubwerera zaka 100 kumbuyo, kukaona amene anasankha kuti dziko lino lizidalira madzi, ndi amene analipira mtengo wa chisankhocho.

Magetsi anabwerera migodi

Magetsi akuluakulu oyamba m'dziko muno sanabwerere nyumba za anthu. Anabwerera miyala ya pansi pa nthaka. Mu 1925 anatsegula malo opangira magetsi pa mtsinje wa Mulungushi kuti aziyendetsa mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Mu 1938 anatsegula ena pa mathithi a Victoria, pafupi ndi Livingstone. Lusaka anali atangokhala likulu mu 1935, ndipo nthambo zamagetsi zinkathera m'mayadi a azungu ndi m'maofesi a boma. Kumakomboni kunali nyali za palafini ndi mbaula.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kopa anakwera mtengo ndipo migodi ya ku Copperbelt inakula msanga. Migodiyo inkapanga magetsi ake potentha malasha a pansi ochokera ku Wankie, kumene lero ndi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe. Njanji inali imodzi, mabogi osakwanira. Malasha akachedwa, migodi inkatentha nkhuni, ndipo nkhalango zambiri za ku Copperbelt zinagwa m'zaka zimenezo. Mu 1956 anakoka nthambo kuchokera ku Katanga, m'dziko la Congo, kuti agule magetsi kumeneko. Koma eni migodi ankafuna gwero lalikulu ndi lokhalitsa.

Panali malo awiri amene akatswiri ankawaloza: chigwa chopapatiza cha mtsinje wa Kafue, kumwera kwa Lusaka, ndi cha Kariba pa Zambezi. A ku Northern Rhodesia ankafuna Kafue, chifukwa mtsinjewo uli m'dziko muno wonse ndipo ntchito yake inkaoneka yotsika mtengo. Koma kuyambira mu 1953 mphamvu zinali m'manja mwa boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, limene likulu lake linali ku Salisbury. Mu 1955 boma limenelo, motsogozedwa ndi Godfrey Huggins, linasankha Kariba. Ndipo nyumba ya makina opangira magetsi anaikumba kutsidya lakumwera, ku Southern Rhodesia. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Mtengo wa khoma la Kariba

Damu la Kariba linamangidwa kuyambira mu 1955 mpaka 1959. Khoma lake ndi lotalika mamita 128, ndipo nyanja imene inabadwa kumbuyo kwake ndi yaitali makilomita oposa 200. Kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit ndiyo inamanga. World Bank inabwereketsa madola 80 miliyoni mu 1956, ngongole yaikulu kuposa ina iliyonse imene bankiyo inali itaperekapo pofika nthawiyo, ndipo makampani a migodi anaikapo ndalama zawo. Mu 1957 ndi 1958 Zambezi anasefukira modetsa nkhawa n'kuwononga mbali ya ntchitoyo. Atonga a m'chigwa ankati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Antchito 86 anafera pa ntchito yomanga damulo.

M'mabuku athu a kusukulu chithunzi cha khomalo chimakhalapo nthawi zonse. Chimene chimafupikitsidwa ndi nkhani ya anthu pafupifupi 57,000, Atonga a m'chigwa cha Gwembe, amene anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Anthuwa ankalima kawiri pachaka, kumtunda nthawi ya dzinja ndi m'madimba a m'mbali mwa mtsinje madzi akabwerera. Anasiya minda imeneyo, manda a makolo awo ndi akachisi awo, n'kukwezedwa m'malole kupita ku malo ouma. Mu Seputembala 1958, pamudzi wa Chisamu m'dera la mfumu Chipepo, amuna amene ankakana kusamukira ku Lusitu anakumana ndi apolisi a boma la atsamunda. Apolisi anawombera, ndipo anthu asanu ndi atatu anafa.

Nthawi yomweyo nyuzipepala za kunja zinali kalikiliki kulemba za Operation Noah, ntchito yopulumutsa nyama zakuthengo pafupifupi 6,000 zimene zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera. Nyama zinamveka kutali kuposa anthu. Akatswiri awiri a za chikhalidwe cha anthu, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anatsatira moyo wa mabanja osamutsidwawo kwa zaka zambiri, ndipo zolemba zawo zinathandiza kuti dziko lapansi liyambe kufunsa za anthu okhala pamalo pamene pamangidwa madamu. Chowawa kwambiri n'chakuti midzi yambiri ya anthu osamutsidwawo inakhala zaka makumi angapo yopanda magetsi, nthambo zikudutsa pamwamba pawo kupita ku migodi ndi ku mizinda.

Ufulu, Smith ndi mtsinje wa Kafue

Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Patangotha chaka, pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira yokha pansi pa boma la azungu ochepa. Apa ndi pamene nyumba ya makina ija ya kutsidya inasanduka chingwe cha pakhosi. Migodi imene inkadyetsa dziko latsopanoli inkadalira magetsi ochokera m'manja mwa boma limene Kenneth Kaunda ankalimbana nalo.

Yankho la boma la Kaunda linali kubwerera ku Kafue, malo aja amene anakanidwa mu 1955. Ntchito inayamba mu 1967, kampani ya ku Yugoslavia ya Energoprojekt ili patsogolo, ndipo magetsi oyamba anatuluka mu 1971. Kampani ya boma ya ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970. Pofika 1977 damu la Itezhi-Tezhi linali litamangidwa kuti lizisunga madzi a Kafue, ndipo ku Kariba tinali ndi nyumba yathuyathu ya makina kutsidya lakumpoto. Inali ntchito yaikulu ya dziko laling'ono lozunguliridwa ndi nkhondo, ndipo tisaichepetse. Kwa zaka zambiri Zambia anali ndi magetsi otsala, mpaka kugulitsa kwa oyandikana nawo.

Kukhuta kumeneko n'kumene kunatigoneka. Kuyambira cha m'ma 1975 kopa anagwa mtengo, ngongole zinakula, ndipo kwa zaka zoposa 30 sitinamange malo ena aakulu opangira magetsi. Koma anthu sanaleke kubadwa. Kalembera wa mu 1969 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa mu 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Migodi itagulitsidwa n'kutsitsimuka m'zaka za m'ma 2000, ina monga Kansanshi ndi Lumwana inayamba kukoka magetsi ambiri. Mpaka lero migodi imadya pafupifupi theka la magetsi onse a dziko lino. Lusaka naye anatambasuka, minda ya ku Lilayi ndi ku Chalala n'kusanduka mapuloti, nyumba iliyonse ndi chitofu, firiji ndi pampu ya pachitsime.

Mvula itavuta mu 2015 tinaphunzira mawu akuti load shedding, maola asanu ndi atatu patsiku. Mu 2019 zinabwereranso. Boma linawonjezera mphamvu: makina ena awiri ku Kariba, ena ku Itezhi-Tezhi, magetsi a malasha a mamegawati 300 ku Maamba mu 2016, ndi Kafue Gorge Lower wa mamegawati 750 amene anamalizidwa mu 2023. Komabe magawo oposa 80 pa 100 alionse a magetsi athu anali a madzi. Ndipo madzi ake ndi amodzi omwewo, pakuti Kafue amathira mu Zambezi, ndipo mitsinje yonseyi imamwa mvula ya chigawo chimodzi. Tinamanga nkhokwe zambiri, koma munda unali umodzi.

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Pofika Seputembala, madzi ogwiritsidwa ntchito kupangira magetsi mu nyanja ya Kariba anali pansi pa magawo 10 pa 100, ndipo mwa makina asanu ndi limodzi a kutsidya kwathu, amodzi okha ndiwo ankazungulira. Umo ndi mmene mdima unafikira ku Kabwata, ku Chelstone, ngakhale ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene kusiyana kunali phokoso la majenereta basi.

Mphepo nayo ili ndi mbiri

Kugwira mphepo si nzeru yatsopano. Ngati munayendapo m'mafamu akale a kunja kwa Lusaka, munaonapo nsanja yachitsulo yokhala ndi gudumu la mapiko ambiri pamwamba, ikupopa madzi a ng'ombe. Kupanga magetsi ndi mphepo kunayamba mu 1887, pamene mphunzitsi wa ku Scotland, James Blyth, anaunikira kanyumba kake ndi makina a mphepo. Mu 1891 mphunzitsi winanso, Poul la Cour wa pa sukulu ya Askov ku Denmark, anayamba kuyesa makina otere, ndipo pambuyo pake ankaphunzitsa anyamata a kumidzi ntchito ya magetsi. Kenako mafuta ndi malasha zinatsika mtengo, mphepo n'kuiwalika.

Chimene chinaidzutsa ndi vuto. Mu 1973 mafuta anakwera mtengo mwadzidzidzi padziko lonse, ndipo Denmark, amene ankadalira kwambiri mafuta ogula kunja, anapanikizika monga mmene ife tinapanikizikira mu 2024. Pakati pa 1975 ndi 1978, aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu za ku Tvind anamanga ndi manja awo makina a mphepo amene anali aakulu kwambiri m'nthawi yawo. Amisiri a m'matauni ang'onoang'ono anayamba kupanga ena, alimi n'kumasonkherana kugula, boma n'kuika malamulo oti magetsi awo azigulidwa. Lero Denmark amapeza magetsi opitirira theka kuchokera ku mphepo. Panatenga zaka zoposa 40 kuti afike pamenepo.

Makinawa amagwira ntchito motere. Mphepo imakankha mapiko atatu, mapikowo amazunguza mtanda, mtandawo umazunguza jenereta imene ili m'kanyumba ka pamwamba pa nsanja. Chinsinsi chili pa liwiro. Mphepo ikathamanga kawiri, mphamvu yake simakula kawiri ayi, imakula kasanu ndi katatu. Ndiye kuti mphepo ya mamita 6 pa sekondi ili ndi mphamvu ya mphepo zisanu ndi zitatu za mamita 3 pa sekondi. Chachiwiri, pafupi ndi nthaka mphepo imatchingidwa ndi mitengo, nyumba ndi zitunda, koma kumwamba imayenda momasuka. N'chifukwa chake makina a masiku ano ali ndi nsanja zopitirira mamita 100 ndi mapiko a mamita 60 kapena kuposa, aatali kuposa theka la bwalo la mpira.

Izi zikufotokoza chinthu chimodzi chofunika m'mbiri yathu. Kwa zaka zambiri akatswiri ankanena kuti Zambia alibe mphepo yokwanira kupanga magetsi, kuti yathu ingangopopa madzi. Sanali kunama. Ankawerenga miyezo ya m'malo oonera zanyengo, yotengedwa pa mamita 10 kuchokera pansi, ndipo pamenepo mphepo yathu ndi yofatsa, mamita awiri kapena atatu pa sekondi. Kenako, ndi thandizo la World Bank, anaimika milongoti isanu ndi itatu ya mamita 80 m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo Lusaka, Choma, Petauke, Mpika, Mansa ndi Mwinilunga, n'kuyeza kwa zaka ziwiri. Zotsatira zake zitatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti pamwamba pa mamita 100 pali madera amene mphepo imapitirira mamita 7 pa sekondi, yokwanira makina akuluakulu amakono. Mphepo sinasinthe. Tinkangoiyeza pafupi kwambiri ndi nthaka.

Mnyamata wa ku Wimbe

Nkhani ya mphepo yodziwika kwambiri m'chilankhulo chathu inayambanso ndi chilala. Mu 2001 ndi 2002 ku Malawi kunagwa njala yoopsa. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pafupi, kumene anaona chithunzi cha makina a mphepo m'buku la sayansi. Ali ndi zaka 14 anamanga ake: nsanja ya mitengo ya bulugamu, mapiko a paipi ya pulasitiki, fani ya thirakitala, mbali ya njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Anthu ankati wapenga, mpaka tsiku limene babu linayaka. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, ndipo filimu yake ya mu 2019 imalankhula Chichewa m'mbali zambiri.

Ndimakonda kuwauza ana nkhaniyi, koma ndimawachenjezanso. Makina a Kamkwamba anayatsa mababu ochepa ndi wailesi. Sangayendetse chigayo cha ku Chawama, chipatala cha UTH kapena mgodi. Luntha la munthu mmodzi likhoza kuunikira nyumba imodzi. Kuti mzinda uwale pamafunika ndalama, misewu, nthambo, malamulo ndi malo, ndipo pa zimenezi ndi pamene mayiko amapunthwa.

Zimene zinachitika ku Kenya

Malo aakulu kwambiri a magetsi a mphepo amene anatsegulidwa kummawa kwa Africa ali pafupi ndi nyanja ya Turkana, kumpoto kwa Kenya, kumene mphepo imapanikizika pakati pa mapiri n'kuwomba mwamphamvu pafupifupi chaka chonse. Pali makina 365 opereka mamegawati 310, ndipo amapanga kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi a dzikolo. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anawatsegulira mu Julayi 2019. Kuti zitsulo zifike kuchokera ku doko la Mombasa, anayamba akonza msewu wa makilomita oposa 200.

Koma panali zolakwika ziwiri zimene tiyenera kuzidziwa. Makinawo anamalizidwa mu 2017, pamene nthambo ya makilomita oposa 400 yonyamula magetsiwo kupita ku Suswa inali isanathe, chifukwa kampani yomanga inagwa. Kwa nthawi yoposa chaka mapiko anangoima, ndipo dziko la Kenya linalipira chindapusa cha magetsi amene palibe anawagwiritsa ntchito. Chachiwiri ndi malo. Anthu oweta ziweto a m'deralo anakasuma kukhoti kuti malo awo odyetsera anaperekedwa popanda kutsata lamulo, ndipo mu 2021 khoti la ku Meru linagwirizana nawo. Wowerenga mbiri ya Gwembe sangadabwe nazo. Magetsi akhoza kukhala opanda utsi koma njira yopezera malo ake ili yakuda.

Kenya si yekha. Ethiopia anatsegula Ashegoda mu 2013 ndi Adama yachiwiri mu 2015. South Africa ali ndi minda yambiri ya makinawa ku Eastern Cape, monga wa ku Jeffreys Bay umene unayamba mu 2014. Senegal ali ndi Taiba N'Diaye. Choncho funso lakuti dziko la mu Africa lingathe kapena ayi linayankhidwa kale.

Pensulo ndi Katete

Kwathu kuno mayina awiri ndiwo akhala akumveka. Mu 2017 bungwe la boma la America la USTDA linapereka ndalama zofufuzira ngati pangamangidwe makina a mamegawati 130 ku Pensulo, m'boma la Serenje, pamene nthambo zikuluzikulu zopita kumpoto ndi kummawa zimagawanika. Ku Katete, kampani yotchedwa Mphepo Power inaimika mlongoti woyezera mphepo pokonzekera ntchito imene anaitcha Unika, ya mamegawati 200. Mayina onse awiriwo, Mphepo ndi Unika, ndi a chilankhulo chathu. Katete ndi kwawo kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti amadziwa mmene mphepo ya kumeneko imaululira zitenje ndi fumbi la Gule Wamkulu.

Komabe chilala cha 2024 chinatipeza tilibe ngakhale munda umodzi waukulu wa makina a mphepo wothira magetsi m'nthambo za dziko. Zifukwa zake si zachinsinsi. Choyamba ndi ndalama. Mphepo ndi yaulere, koma makina ake amalipiridwa onse pachiyambi, m'madola, ndipo obwereketsa amafuna kutsimikiza kuti wogula magetsiwo azilipira kwa zaka 20. Mu Novembala 2020 Zambia analephera kubweza ngongole zake za kunja, ndipo ZESCO inali ndi ngongole zazikulu kwa makampani oigulitsa magetsi. Wobwereketsa akaona zotere amakweza chiwongoladzanja kapena amangodikira. Chachiwiri ndi mtunda. Tilibe doko. Phiko la mamita 60 liyenera kuchokera ku Beira, ku Dar es Salaam kapena ku Walvis Bay pa lole yapadera, kudutsa milatho, zipata za m'malire ndi makona a m'mapiri. Chachitatu, dzuwa linapambana mpikisano wa liwiro. Mapanelo amabwera m'makontena wamba ndipo amaikidwa m'miyezi yochepa. Mu 2019 minda iwiri ya magetsi a dzuwa, Bangweulu wa mamegawati 54 ndi Ngonye wa mamegawati 34, inatsegulidwa ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, kufupi ndi kwathu kuno, ndipo mu 2025 anatsegula wina wa mamegawati 100 ku Chisamba.

Nanga ngati dzuwa lilipo, mphepo tiifuniranji? Chifukwa dzuwa limalowa 6 koloko, nthawi yomwe miphika imakwera pachitofu ndipo ana amatsegula mabuku. Mphepo imatha kuwomba usiku. Ndiponso imalimba m'miyezi ya chilimwe, pamene mvula inaleka kale ndipo nyanja zathu zayamba kutsika. Siwomba nthawi zonse, n'zoona, koma apa madamu aja amatithandiza. Mphepo ikamawomba kapena dzuwa likamawala, ku Kariba ndi ku Kafue angathe kuchepetsa madzi olowa m'makina n'kuwasungira maola a bata. Damu limakhala nkhokwe, mphepo ndi dzuwa n'kukhala minda ina iwiri. Mayiko ambiri amene ali ndi mphepo alibe nkhokwe yotere. Ife tinaimanga kale, ndipo Atonga a ku Gwembe anailipira.

Makinawa ali ndi zovuta zake. Amapha mbalame ndi mileme akaikidwa panjira yake, amachita phokoso kwa okhala pafupi, ndipo mapiko akatha ntchito amavuta kutaya. Ubwino wake pa nkhani ya malo ndi wakuti samiza chigwa. Nsanja imatenga kachigawo kochepa, ndipo pakati pa nsanja ndi nsanja anthu angathe kulima chimanga ndi kudyetsa ng'ombe monga kale, ngati mgwirizano wake walembedwa motero.

Mafunso atatu

Ndikamayang'ana zaka 100 zimenezi, kuchokera ku Mulungushi kufika ku Katete, ndikuona mafunso atatu amene sanafunsidwe mokwanira mu 1955, ndipo m'badwo wanu uyenera kuwafunsa nsanja yoyamba isanaimikidwe.

Malowo ndi a yani? Mbali yaikulu ya dziko lino ndi malo a mafumu. Siginecha ya mfumu ndi yofunika, koma mayi amene amalima pamalopo ayenera kudziwa chimene chalembedwa, ndi kuti lendi ya chaka ndi chaka idzalowa m'thumba la yani. Lamulo limafuna kuti ntchito zazikulu zotere ziunikidwe ndi bungwe la ZEMA ndi kuti anthu amvedwe. Misonkhano imeneyo ndi ya aliyense, ndipo wodziwa kuwerenga ali ndi udindo wopita nawo agogo ake.

Adzawale ndani? Ngati nthambo idzanyamuka ku Katete kupita ku migodi, midzi ya pansi pa mapiko ikuunikira ndi koloboyi, tidzakhala tabwereza Lusitu.

Adzakonze ndani? Makinawa amakhala zaka 20 kapena 25, ndipo nthawi yonseyo amafuna anthu okwera nsanja kukathira girisi, kuyeza mapiko, kukonza jenereta ndi kuwerenga makompyuta ake. Ngati UNZA, Copperbelt University ndi makoleji a ntchito zamanja sadzaphunzitsa anthu amenewa, tidzawaitanitsa kunja ndi kuwalipira m'madola, monga tinkachitira m'migodi ufulu utangobwera.

Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi muja ndi mapu a Zambia, n'kumuitana mtsikana uja kuti aloze Kariba, Kafue, Serenje ndi Katete. Kenako ndinalemba pabolodi 3 × 3 × 3 ndi 7 × 7 × 7, n'kumuuza kuti awerengetse. Anapeza 27 ndi 343. Ndinamuuza kuti nambala yoyamba ndi mphepo imene imamugwetsera zovala pachingwe, yachiwiri ndi imene ikudutsa mamita 100 pamwamba pa denga la sukulu. Anayang'ana manambalawo kwa kanthawi, n'kufunsa kuti munthu wofuna kukwera nsanja zimenezo ayenera kukhoza maphunziro ati. Ndinamuuza kuti masamu ndi fizikisi. Anabwerera pampando wake n'kulemba m'kope. Malaiti tsiku limenelo anabwera 1 koloko usiku.